Njere za Mpiru pa Khutu la Yankho

"Mawa! Mawa lomweli ndikutuluka muno!"

Yankho anafuula ali chiimire pakati pa wodi ya amayi, ndodo ziwiri zili m'khwapa, mwendo wakumanzere uli lende m'mabandeji. Anali atangoyenda yekha kuchoka pabedi lake kukafika pakhomo n'kubwerako, popanda womugwira. Odwala amene anali ndi mphamvu anamuwombera m'manja, iye n'kuweramitsa mutu ngati woimba amene watsiriza nyimbo. Koma mmene ankati akhale pabedi, m'mimba munapota koopsa. Analuma mano, n'kumwetulira msanga kuti wina asaone.

Yankho anali mtsikana wa zaka 16, wa Folomu 2 pasekondale ina yoyendera ya ku Mkanda. Makolo ake anali matenanti pa esiteti ya fodya, ndipo anachokera ku Ntcheu iye akadali kumsana. Kusukulu ankadziwika ndi netibolo. Anali shuta, ndipo anzake ankati dzanja lake lili ndi maso. Chaka chimenecho cha 2003, timu yawo inafika patali pa mpikisano wa masukulu a m'boma la Mchinji, pamene inali isanafikepo chiyambire. Pa masewero olowera ku fainolo, zigoli zili zofanana, woimbira akuyang'ana kale wotchi, Yankho anawakha mpira n'kuponya. Mpira unalowa. Koma mtsikana wa timu inayo amene analumpha kuti atchinge anamugwera pamwendo ndi thupi lonse, phazi la Yankho litakodwa m'kadzenje. Aliyense pabwalopo anamva kuti thyo! Anzake amene ankathamanga kudzamukumbatira anaima panjira.

Fupa linathyoka m'munsi mwa bondo. Anathamangira naye kuchipatala cha pa boma, ndipo patapita masiku angapo kunabwera dokotala wa mafupa wochokera ku Lilongwe amene anamuchita opareshoni, n'kulumikiza fupalo ndi kachitsulo. Adokotala a pawodipo, bambo wamtali wosakonda zolankhulalankhula, anamulonjeza kuti bala likamapola bwino, iye n'kumatha kuyenda ndi ndodo, adzamutulutsa Lachisanu. Fainolo inali Loweruka, pabwalo la pa boma pomwepo. Kusewera sakanatha, koma kuonerako kokha! N'chifukwa chake ankalimbana ndi ndodozo mpaka m'khwapa kutuluka matuza.

Koma Yankho anali ndi chinsinsi chimene chinkakula tsiku ndi tsiku. Chichokereni ku opareshoni, pafupifupi sabata yathunthu, anali asanachite chimbudzi.

Zinayamba ndi manyazi. Tsiku loyamba atamva kuti akufuna kudzithandiza, anamubweretsera bedipani, chibeseni chachitsulo chozizira, n'kumutchinga ndi kansalu kamene sikankafika n'komwe kumapazi. M'wodimo munali anthu oposa makumi awiri, ena akudya, ena akucheza ndi alendo. Yankho anangochiyang'ana chibesenicho n'kunena kuti zabwerera. Chimbudzi cha pawodi chinali chonjuta, pamene bondo lake silinkapindika. Kutaya madzi ankayesetsa, mofulumira, maso ali chotseka. Koma zinazo, ayi ndithu. Choncho anapeza nzeru yakeyake: azidya pang'ono, madzi azingonyowetsa kukhosi, zonse akathere kunyumba.

M'mawa uliwonse, odikirira odwala akawatulutsa panja, Mayi Agatha, namwino wamkulu wa pawodipo, ankayenda bedi ndi bedi buku lili m'manja.

"Yankho, m'mimba mwayenda?"

"Mwayenda, anesi."

Amayi ake akalowa ndi phala n'kufunsa zomwezo, iye ankati, "Anesi andithandiza inu muli panja." Potero bodza limodzi linkakhutitsa anthu awiri.

Madzulo a Lachinayi lomwelo kunatulukira Rhoda, kaputeni wa timu, fumbi lili mbuu mpaka m'zikope, atangotsika pa matola a ku Mkanda. Sanadikire n'komwe kupatsidwa moni.

"Iwe Yankho, nkhani ndabwera nayo ndi yaikulu! Aphunzitsi a Kefasi apempha mpando wa ahedi, wa khushoni uja, ndipo tikaukweza pa lole. Ukakhala pamzere penipeni ngati mlendo wolemekezeka. Komanso tagwirizana kuti tikawina, chikho ukalandira ndiwe."

"Ine?"

"Nanga ndani? Anatifikitsa kumeneku ndi ndani?"

Yankho anamenya matiresi ndi zibakera, n'kuiwala zonse. Anakambirana za timu imene akakumane nayo, ya atsikana ataliatali a ku Ludzi, ndi mmene angaithere mphamvu. Rhoda anamasula kapepala ka mandasi anayi amene anagula pa depoti, ndipo Yankho, poopa kumukhumudwitsa, anadya awiri. Mandasiwo anatsika movutikira ngati akumeza miyala.

Rhoda atapita, pabedi loyandikana panamveka kutsokomola kwadala. Pamenepo pankagona Mayi Stelia, mayi wonenepa wa geni ya zitenje, amene ankaoda katundu ku Chipata n'kumagulitsa m'misika ya ku Mchinji. Anathyoka mwendo atagwa pa lole ya kumsika, koma pakamwa pawo sipanathyoke. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi cha kutsidya kwa malire.

"Iwe mwana, dzina anakupatsa labwino, Yankho. Koma yankho limene umapatsa anesi m'mawa ni labodza chabe."

Yankho anamva kutentha kumaso. "Bodza lanji, anti?"

"Ine ndimagona pompano, maso ndili nawo. Mimba yakoyo yakungika ngati ng'oma yowamba pamoto. Madzi sukumwa. Ukuyesa sindikuona?"

"Anti, inu samalani za mwendo wanu. Za m'mimba mwanga zisiyeni."

"Chabwino, mwana wa sukulu. Ine sindikuneneza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Yankho anatembenukira kukhoma. Tsiku limodzi lokha, anadziuza. Mawa akangotuluka, zonse zitha.

Lachisanu anadzuka m'mamawa, n'kuvala sikipa yake yosewerera. Amayi ake anali atamanga kale mapoto ndi mbale m'chitenje. Adokotala atafika anamasula bandeji n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Bala lili bwino kwambiri. Tayenda tione."

Yankho anayenda mpaka pakhomo n'kubwerera. Adokotala anatulutsa cholembera m'thumba, mtima wa Yankho n'kuyamba kuvina. Koma cholemberacho chinaima m'malere. Adokotala ankamuyang'ana milomo, imene inali youma ndi yong'aluka, ndi thukuta limene linali tsaa pachipumi.

"Tagona chagada."

Atangodina pamimba ndi zala ziwiri, Yankho anakuwa, "Mayo ine!" Anapendekera kumbali, ndipo zonse zimene zinali kukhosi zinatuluka, pansi ponse n'kuipa.

"Chimbudzi unachita liti komaliza?" anafunsa adokotala.

Mayi Agatha anatsegula buku lawo. "Muno mwalembedwa kuti tsiku lililonse..." Anasiyira pomwepo, n'kumuyang'ana Yankho pamwamba pa magalasi.

"Ndisanalowe ku opareshoni," anatero Yankho, mawu ali pansipansi.

Adokotala anamvetsera m'mimbamo ndi chipangizo chawo kwa nthawi yaitali, akusunthira uku ndi uku. Kenako anaweramuka.

"Uli ndi mwayi, matumbo sanatsekeke. Wadzimbidwa kwambiri basi. Mankhwala opha ululu amaumitsa m'mimba, kugona pabedi nakonso, ndiye iwe wawonjezera kusamwa madzi. Zimenezi zimachitikira ambiri pambuyo pa opareshoni, ndipo ukananena tsiku lachiwiri zikanatha tsiku lachitatu. Ukanapita nazo ku Mkanda chonchi, akanakubweza pa machira." Analemba mankhwala ofewetsa m'mimba. "Lero sutuluka. Mawa ndidutsa 9 koloko, kenako ndili ndi ulendo mpaka Lolemba. Ngati m'mimba mudzakhale mutayenda, ndidzakutulutsa. Apo ayi, tidzaonana Lolemba."

Amayi ake atalowa n'kumva zonse, anakhala pansi, n'kuyamba kumasula mtolo uja pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, ine ndinakuchapira matewera. Manyazi ake ati amene ungachite ndi ine?"

Mawu amenewa anamupweteka Yankho kuposa zala za adokotala. Anafunda nsalu kumutu n'kulira.

Masana Mayi Agatha anabwereranso. Anali atanyamula kambale kokhala ndi tinjere takuda, mpukutu wa pulasitala ndi sizasi. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuvundukula nsalu ija.

"Kulira kwakwana. Mankhwala wamwa, madzi wayamba kumwa. Tili ndi maola osakwana makumi awiri. Tsopano bweretsa khutu."

"Khutu? Anesi, vuto lili m'mimba."

"Ndikudziwa kumene lili."

"Koma ku Bayoloje tinajambula njira yonse ya chakudya, kuyambira kukamwa mpaka kumathero. Khutu panalibe."

Mayi Agatha anaseka mpaka kuvula magalasi. "Nanenso ndinanena zomwezo. Ndili ku Mzuzu ndinagwira ntchito ndi namwino wina wochokera kumaiko a kum'mawa. Ankati kwawoko amaona khutu ngati mapu a thupi lonse, ndipo odwala mafupa akadzimbidwa ankawatikita makutu. Ndinamuseka sabata yathunthu. Kenako ndinayamba kuona ena akupepukidwa msanga. Kaya ndi khutulo, kaya n'chifukwa choti munthu akamatikitidwa thupi limamasuka, ine sindingalumbire. Palokha sizikwana, ndipo sizilowa m'malo mwa mankhwala. Koma sizikuwonongera kanthu. Ukufuna kukaona mpira kapena ukufuna kutsutsana nane?"

Yankho anapukuta misozi n'kupendeketsa mutu.

Mayi Agatha anasamba m'manja, n'kuwapekesa mpaka atatentha. Anagwira khutu lonse pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kuyamba kulitikita kuchokera kunsi kukwera pamwamba, kubwereza kangapo. Khutulo linatentha ngati laothera dzuwa, ndipo Yankho anadabwa kumva mapewa ake, amene anali olimba masiku onsewa, akutsika okha. Kenako chala chinalowa m'kachigwa ka pamwamba pa bowo la khutu n'kumadina pang'onopang'ono, apa ndi apo.

"Aaa! Pamenepo pakuluma ngati linthumbu!"

"Ndi pomwepo ndimafuna."

Anadula kachidutswa ka pulasitala, n'kuikapo kanjere kamodzi, n'kumata pamalopo. Anamata kena chapafupi, n'kuchitanso chimodzimodzi kukhutu linalo.

"Njere zanji zimenezi?"

"Za mpiru, za m'dimba mwanga. Ntchito yake n'kungokuthandiza kudina pamalo oyenera. Uzizifinya kanayi pa tsiku, ukuwerenga mpaka makumi atatu, osati mwaukali ayi. Tsopano tenga ndodo unditsate."

Anapita naye kumapeto kwa khonde, n'kutsegula kachipinda kosungiramo mabulangete. Pakona panali mpando wamatabwa wobooka pakati, pansi pake pali ndowa. Chitseko chinali ndi kabawuti kotsekera mkati.

Yankho anayang'ana mpandowo, n'kuyang'ana kabawutiko. "Zimenezi zinalipo masiku onsewa?"

"Zinalipo. Koma ndikanalota? Iwe unkati mwayenda."

Pobwerera anapeza Mayi Stelia atakhala tsonga, manja ali m'chiuno.

"Anesi, nanga ife makutu tilibe? Kapena njerezo ni za ana a sukulu chabe?"

Mayi Agatha anawafunsa mafunso angapo n'kuwamata nawonso. Kenako mayi wina wa pakona, amene anali chigonere ndi mwendo wokokedwa ndi chitsulo cholemera, anakweza dzanja mwamanyazi. Winanso anatsatira. Apa m'pamene Yankho anazindikira kuti m'wodimo sanali yekha. Pofika 4 koloko, theka la wodi linali ndi timapulasitala toyera m'makutu ngati ndolo za fashoni yatsopano, ndipo bambo wina amene anabwera kudzaona akazi awo anafunsa ngati ndi chizindikiro cha chipani.

"Ni chipani ndithu!" anayankha Mayi Stelia. "Ndipo kampeni yathu ni imodzi chabe: mwana uyu mawa apite ku bola, akaone anzake akusewera!"

Kuyambira pamenepo nkhani ya Yankho inasanduka ya wodi yonse. Amayi ake anathamangira kumsika n'kubwerako ndi papaya wamkulu ngati mutu wa mwana. Mayi wina wodikirira wodwala anabweretsa bonongwe wotendera, wina phala la mgaiwa. Botolo la madzi likangotha, wina anali atadzaza kale lina. Mayi Agatha ankamuyendetsa pakhonde, kupita n'kubwera, kupita n'kubwera. Nthawi yofinya njere ikakwana, Mayi Stelia ankamenya supuni pa kapu.

"Manje manje, azimayi! Zala m'makutu! Wani! Thuu! Fili!"

Wodi yonse inkawerenga mokweza, ena akuphonya manambala, ena akuseka mpaka kugwira mabala awo. Yankho, amene m'mawa ankafuna nthaka itamumeza, anapezeka akuseka nawo. Dzuwa likulowa, m'mimba mwake munamveka gudugudu, mokweza ndithu.

"Mwamva?" anakuwa Mayi Stelia. "Injini yalira!"

Koma kulira kwa injini si kuyenda kwa galimoto. Loweruka kunacha popanda chochitika. Cha m'ma 8 koloko, pamsewu wa kuseri kwa mpanda panadutsa lole, atsikana akuimba nyimbo imene Yankho ankaidziwa mawu ake onse. Anatsimphina mpaka pawindo, koma anangoona fumbi ndi miyendo ya mpando wa ahedi ili m'mwamba.

Analowanso m'kachipinda kaja kukayesa kachiwiri, n'kukhalamo nthawi yaitali. Potuluka anapeza adokotala ataima kale pabedi lake, chikwama cha paulendo chili paphewa. Odikirira odwala anali panja. Palibe amene ankadziwa zimene zachitika kuseri kwa chitseko chija.

Adokotala anadina pamimba. "Pafewako. Sukusanzanso?"

"Ayi."

"Nanga m'mimba mwayenda?"

Cholembera chinali kale m'manja. Liwu limodzi lokha, limene analinena kasanu ndi kawiri osaphethira, likanamufikitsa pabwalo pasanathe ola. Ankauona mpando wa khushoni uja, ankamva kulemera kwa chikho m'manja. Anayang'ana kwa Mayi Stelia, koma iwo anali akuyang'ana kudenga, pakamwa ali chitsekere koyamba chibwerereni.

"Ayi, adokotala. Ndayesa kawiri. Sizinatheke."

Adokotala anamuyang'ana kwakanthawi. "Ndiye tionana Lolemba," anatero, n'kulemba zina m'buku. "Ndawonjezera mankhwala pang'ono. Usasiye madzi, usasiye kuyenda." Atafika pakhomo anatembenuka. "Wachita bwino."

Yankho sanaone ubwino wake. Anakhala pabedi misozi ikuyenderera mpaka pa sikipa. Mayi Stelia sanamenye kapu. Anangotambasula dzanja n'kumugwira pamkono, kenako n'kuyamba kuwerenga motsitsa. Yankho anakweza zala n'kufinya njere zake, akusisima.

Nthawi itangopitirira 12 koloko, akumaliza chidutswa cha papaya, anaima kutafuna. Maso anatuzuka.

"Amayi! Ndodo! Ndodo msanga!"

Amayi ake anagwetsa mbale. Mayi wina anakoka mtolo wake panjira, wina anakankha mpando. Yankho anadutsa pakati pa mabedi, ndodo zikulira go, go, go, liwiro limene sanalionetsepo ngakhale pamaso pa adokotala. Kabawuti kanalira. Mphindi zisanu zinadutsa. Khumi. Mayi Stelia anayamba kupemphera chapansipansi.

Chitseko chitatseguka, Yankho anatuluka nkhope ili thukuta lokhalokha. Anayenda mpaka pakhomo la wodi, anatsamira khoma, n'kukweza ndodo imodzi m'mwamba.

Nthungululu imene inalira pamenepo inamveka mpaka ku geti. Mayi Stelia anasandutsa kabati ya pambali pa bedi kukhala ng'oma. Amayi a Yankho, amene chibwerereni ankayenda mozemba ngati mlendo, anamanga chitenje m'chiuno n'kuvina pakati pa wodi. Namwino wina wa kuwodi ya abambo anabwera akuthamanga.

"Kwachitika chiyani? Kwabadwa mwana?"

"Mapasa!" anayankha Mayi Stelia, ndipo ngakhale Mayi Agatha, amene ankayesa kuletsa phokosolo, anagonja n'kukhala pansi ndi kuseka.

"Ndiye anesi," anafunsa Yankho phokoso litazizira, "chagwira ntchito n'chiyani? Khutu, papaya kapena mankhwala?"

"Pa netibolo amagoletsa ndi mmodzi, koma mpira umadutsa m'manja angati?"

Masana onse Yankho anakhala pawindo, thupi lili pepuu, njala ikumuluma koyamba pa sabata yonse. Mphepo ikaomba kuchokera kubwalo inkabweretsa phokoso la anthu, nthawi zina lalikulu, nthawi zina lozilala, koma sakanadziwa kuti akukondwa ndi a mbali iti. Phokoso lililonse linkamubaya mumtima. Akanangotsegula pakamwa masiku asanu apitawo, bwenzi ali pomwepo.

Nthawi yoona odwala itakwana, kunja kunamveka nyimbo ikuyandikira. Alonda a pa geti anayesa kuwauza kuti alowe awiriawiri, koma ndani akanawamva? Atsikana khumi ndi awiri anakhamukira m'wodi, mawondo ali fumbi lokhalokha, mawu atasasa, Rhoda ali patsogolo atanyamula chikho pamutu. Aphunzitsi a Kefasi ankabwera pambuyo akupepesa kwa aliyense.

"23 kwa 22!" anakuwa Rhoda, n'kuika chikhocho pamiyendo pa Yankho. "Tawaswa a ku Ludzi! Chigoli chomaliza wamwetsa ndi uyu!" Anakokera kutsogolo kamtsikana kowonda ka Folomu 1, dzina lake Veronika, kamene kanasewera pamalo a Yankho. Kanangoyang'ana pansi, kakumwetulira.

Yankho anakumbatira chikhocho, n'kukumbatira Veronika, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Koma iwe watikhumudwitsa," anatero Rhoda. "Mpando wa ahedi unangokhala wopanda munthu mpaka mpira kutha. Chavuta n'chiyani? Mwendo watupa? Nanga zili m'makutuzo n'chiyani?"

Atsikana onse anamuzungulira. Aphunzitsi a Kefasi nawonso anasendera pafupi. Kunena kuti mwendo watupa kukanakhala kosavuta, ndipo aliyense akanamumvera chisoni. Yankho anapuma mozama.

"Mwendo uli bwino. Ndinadzimbidwa. Sabata yathunthu osachita chimbudzi, chifukwa ndinkachita manyazi, ndipo ndinkanamiza anesi ndi amayi anga omwe. Adokotala atazindikira anakana kunditulutsa. Izi ndi njere za mpiru, timafinya kuti zithandizire m'mimba."

Kenako wina anaphulika ndi kuseka, onse n'kutsatira. Aphunzitsi a Kefasi anatembenukira kuwindo, mapewa akugwedezeka. Yankho anadikira kuti manyazi amuphe, koma sanabwere. Anapezeka akufotokoza zonse, za mandasi, za chipani cha makutu, za mapasa, Mayi Stelia akuthirira ndemanga pamene wasiya. Posakhalitsa timu yonse inali itagwira makutu, ikufunsa kuti pamalo pake m'pati.

Belu lotulutsa alendo litalira, anatsanzikana mwaphokoso n'kuyamba kutuluka, chikho chili m'mwamba. Yankho atatembenuka anaona kuti Veronika watsalira. Anali ataima kumapazi kwa bedi, akupotokola m'mphepete mwa siketi yake.

"Lole ikusiya, Veronika."

Mtsikanayo anayang'ana kukhomo, n'kusendera pafupi mpaka pakamwa pake panafika pakhutu la Yankho.

"Achemwali... ine ndikamataya madzi mumatuluka magazi. Mumapwetekanso. Mwezi watha tsopano."

"Wauza ndani?"

Veronika anapukusa mutu. "Angaganize zina. Ndimati zisiya zokha."

Yankho anayang'ana kumapeto kwa wodi. Mayi Agatha anali patebulo lawo, akutseka mabuku kuti aweruke, chikwama chili kale pamwendo. Kunja hutala ya lole inalira.

"Rhoda!" anaitana Yankho. "Uwauze aphunzitsi adikire pang'ono!"

Anatsitsa mwendo wake pabedi, n'kulowetsa ndodo m'khwapa.

"Koma ndikayamba bwanji?" ananong'ona Veronika, misozi ili m'maso.

"Mmene wandiuzira inemu. Tiye, ndikuperekeza."